Ampu ya Mpando Wakumbuyo

Lolemba

Tchuthi chayamba, sabata yonse sindiponda kufakitale. Mkazi wanga, amake Taonga, akuti ndipente khitchini. Khitchini idikire, ine ndili ndi pulani.

Lamulungu tikupita ndi Atate ku Chanyanya kukaona alongo awo. Chimwalirireni Amama, Atate sanatulukepo pageti. Amakhala m'chipinda katani ili yotseka, n'kumatuluka pa nthawi ya nshima pokha. Ulendowu avomera dzulo, koma ndi mawu awo aja: "Tipita, koma motoka yako ndi manda. Wailesi imangonong'ona."

Sikuti imanong'ona. Makutu awo anawasiya kunjanji, zaka zonse zija akulumikiza mabogi a sitima. Ndiponso chifukwa cha bondo amakhala kumbuyo, mwendo atautambasula pampando, kumene timasipika tiwiri ta m'motokamo timalira ngati udzudzu.

Ndiye ndagula ampu! Kabokosi kakuda kowonjezera mphamvu ya mawu. Ndakapeza ku Nangongwe, pa kantemba ka bambo wina wogulitsa zitsulo za mamotoka. "Iyi bosi ikalila, na ku Lusaka bazamvela."

Zimene ndabwera nazo:
ampu (mbali imodzi ndi yopalika, akuti ndi penti chabe)
waya wofiira wonenepa, wotenga moto kubatire
waya wakuda womanga pachitsulo cha motoka
kawaya kabuluu kodzutsa ampu wailesi ikayaka
mawaya awiri otenga nyimbo kuwailesi
fyuzi ndi tepi

Pafoni ndaonera munthu akuchita zonsezi osadetsa ngakhale malaya. Lachitatu ndikhala nditamaliza. Atate sindiwauza. Ndikufuna ndingoyatsa, ndiwaone nkhope pagalasi.

Lachiwiri

Choyamba kumasula batire. Ndakumbukira! Ndadziyamikira ndekha.

Waya wofiira uyenera kuchoka kuinjini n'kulowa m'kati. Pavidiyo pali kabowo koonekeratu. Pamotoka yanga kabisala. M'mawa wonse mutu uli pansi pa chiwongolero, miyendo panja, galu wa paneba akundinunkhiza mapazi. Ndakapeza masana, kotsekedwa ndi labala. Waya ukupindika, sukulowa. Ndatenga hang'ala yachitsulo m'chipinda, ndaiwongola, ndakokera. Diresi lomwe linali pamenepo ndaligoneka bwinobwino pabedi. Amake Taonga aliona atangofika. "Pa mahang'ala yonse mwasankha ya diresi yanga ya kutchalitchi?"

Mpando wakumbuyo watuluka. Pansi pake ndapeza chipeso, minga ya nsomba, ndi sokosi ya Taonga yomwe tinamukalipira nayo asanapite kusukulu yogonera komweko.

Chachikulu cha lero si waya. Ndikutulutsa mutu m'motoka, ndikupeza Atate aima pakhonde ndi ndodo yawo. Panja! Dzuwa likuwatsinzinitsa.

"Motoka yafa?" Ndikuti ayi. "Ati?" AYI! "Nanga ukuiphera chiyani?"

Sanabwerere m'chipinda. Ndawatengera mpando, akhala pamthunzi wa mtengo wa kotapela. Chinsinsi chathera pomwepo. Ndawafotokozera mokuwa, Kafue Estates yonse yamva kuti ndikuika ampu.

Waya wafika kubuti, koma waperewera ndi chikhatho chimodzi. Ampu isendera ndiyo, basi.

Lachitatu

Atate adzuka ine ndisanadzuke. Asamba, avala jekete yawo ya kunjanji, akhala kale pamthunzi. Ndawapatsa ntchito yosunga mabauti m'chipewa.

Wofiira ndamanga, wakuda ndamanga, kabuluu ndakalowetsa pomwe ndikuganiza kuti ndi pake. Ndabwezera batire, ndayatsa wailesi. Pa ampu pali kagetsi koyenera kuyaka. Sikakuyaka.

Malangizo a Atate: "Imenye." Akuti kunjanji chilichonse chokana ankachilankhula ndi hamala. Ndaimenya pang'ono ndi chikhatho kuti asakhumudwe. Zii.

Abwera ba Mulenga, neba wathu, woimba kiyibodi kutchalitchi cha Pentekosite. "Shani ba neba? Ivi vintu nimaviziba, kutchalitchi ndine nimamanga masipika." Aona kuti waya wakuda ndaumanga pabauti yopaka penti, pomwe moto sungadutse. Tapala ndi mpeni wa kukhitchini mpaka chitsulo chawala. Mpeni wabuntha. Kagetsi sikanayakebe.

"Aka kabuluu kavuta chabe," akutero ba Mulenga. "Kagwilizaniseni na wofiira, ampu izauka yeka." Tagwirizanitsa. Kayaka! Kobiriwira! Ba Mulenga akweza manja kumwamba, Atate awomba ndodo pansi. Masipika tilumikiza mawa, Atate ayamba kuwodzera.

Madzulo adya nshima yonse, apemphanso ina. Amake Taonga andigunda ndi phazi pansi pa tebulo. Ndaona, mayi, ndaona.

Lachinayi

Motoka yakana kulira. Kiyi akungoti tche, tche. Ampu yachezera maso, yamwa batire yonse. Kani kabuluu kaja ndi kamenenso kamaizimitsa! Ba Mulenga akuti mdani safuna nyimbo m'nyumba ino.

Amake Taonga ndimawasiya pokwerera mabasi a ku Lusaka. Lero apita wapansi, nsapato za kuofesi zili m'pulasitiki. Anditsazika mwaulemu kwambiri. Ndicho chikundiopsa.

Kukankha. Ine pachiwongolero, nditakhala pakati pa mawaya. Kumbuyo ba Mulenga ndi amayi awiri ogulitsa tomato amene amangodutsa. Atate aima pambali pa msewu ndi thaulo lofiira m'manja ngati mbendera. "Bweza! Bweza! Ima! Tsopano tiye! Tiyeee!" Mawu amenewa sindinawamve chichitikireni maliro. Yalira titatsala pang'ono kulowa m'ngalande. Amayi aja akana zikomo wapakamwa, ndagula tomato wambiri kuposa yemwe tingadye.

Kabuluu ndakabweza kuseri kwa wailesi, pamalo pake penipeni, nditathyola timapulasitiki ta dashibodi. Masipika ndalumikiza. Mpando ndangoukhazika osamanga, Atate akhalapo. Ndayatsa.

Wiiiii!

Ndikaponda mafuta, kulirako kukukwera. Ndikasiya, kukutsika. Nyimbo iliko penapake pansi pake, ikumira.

"Iyi ndikuimva!" Nkhope ya Atate yawala. "Ngati sitima yakatundu ikubwera pamlatho. Pondanso!" Ndaponda. Takhala pabwalo tikuwotcha mafuta, motoka itaima, tikumvera phokoso.

Ndabwerera kuvidiyo. Akuti mawaya a nyimbo asayende limodzi ndi wofiira, ndicho chimabweretsa kulirako. Ine ndinawamanga pamodzi ndi tepi, mwaukhondo ndithu, kuyambira kutsogolo mpaka kubuti.

Lachisanu

Kapeti yonse panja. Wofiira wadutsa kumanja, a nyimbo kumanzere. Zala zatupa, msana ukukana kuwongoka. Atate ataya bauti imodzi m'maudzu. Akuti inali yosafunika, anaiona kale.

Masana. Ndalowetsa fulashi ya nyimbo zakale za kalindula, ija ndinawasonkhanitsira Amama ali moyo. Atate pampando wawo, mwendo atautambasula. Ndayatsa pang'onopang'ono.

Yaimba! Yaimba bwinobwino! Palibe wiii, palibe kulira. Besi ikundigunda pamsana ngati munthu akugogoda. Pagalasi ndikuona Atate atatseka maso, chala chikugunda pabondo lodwala lija. Akutsatira nyimbo ndi mawu awoawo, osiyana ndi a woimbayo.

Kenaka akuti, osatsegula maso: "Iyi amako ankaivina ku kilabu ya njanji atavula nsapato. Ine ndinkangoima pakhoma n'kusunga nsapatozo." Aseka. Atenga chipewa kuti apukute m'maso, mabauti onse akhuthukira pansi. Ndayang'ana panja, pamtengo.

Ndikanasiyira pomwepo.

"Kweza pang'ono." Pa ampu pali kachitsulo kopotokola ndi sikuludiraiva kuti mawu akule. Ndatsika, ndatsegula buti, ndapotokola pang'ono. "Kwezanso!" Mazenera ayamba kunjenjemera. Amayi a paneba atuluka ndi chipande m'manja, akugwedeza chiuno. "Kweza, mwanawe!" Ndapotokola mpaka kumapeto. Ndani akanakana?

Phwaa!

Fungo la labala wopsa. Kautsi kakutuluka pasipika yakumanzere. Yakumanja yapitiriza yokha pang'ono, ikukhosomola, nayonso yatsatira mnzake. Timasipika tobwera ndi motoka sitinapangidwire mphamvu yotere. Pavidiyo ananenanso zimenezi, chakumapeto, kumene sindinafike.

Atate atsegula maso. "Yatha nyimbo?" Ndati inde, yatha. "Inali yaifupi."

Loweruka

Pulani ina: masipika a wailesi ya pabalaza, yomwe amake Taonga anapatsidwa pa ukwati wathu. Ndawanyamula iwo akuchapa kuseri. Andipeza pakhomo, thovu lili m'manja. "Mukayesa chabe, muzagona mu motoka." Ndawabweza, ndawapukutanso fumbi.

Ba Mulenga abwera ndi sipika ya kutchalitchi pawilibala, yaikulu ngati firiji. Sikulowa m'buti. Sikulowa pachitseko. Ikufunikanso mawa m'mapemphero. Abwerera nayo akuimba.

Chabwino. Ndichotse zonse, motoka ibwerere mwakale, akutsogolo aziimba okha. Ndaiwala kumasula batire. Ndikusolola kabuluu kuseri kwa wailesi, kakhudza chitsulo. Thetheya! Wailesi yazima, potchajira foni naponso. Ndasintha fyuzi. Ndasinthanso ina. Atate akuti ndiimenye, ndipo nthawi ino ndaimenya ndi mtima wonse. Ayi ndithu.

Zakufa sabata ino:
masipika akumbuyo
wailesi
potchajira foni
mpeni wa kukhitchini
hang'ala
khitchini nayo, siinapentedwe

Zamoyo: ampu, mwina. Palibe choiyesera.

Mpando wabwerera m'malo mwake. Mabauti ena atsala, sindikudziwa kwawo. Atate awaika m'thumba la jekete, akuti zinthu zotere sataya.

Ndakhala pansi nditatsamira tayala, manja akuda, sindikufuna kulankhula ndi munthu. Ndinafuna chinthu chimodzi chokha, kuti mkuluyu ayende ulendo umodzi akumva nyimbo. Tsopano ngakhale yonong'ona ija palibe. Amake Taonga abwera ndi munkoyo, makapu awiri. Atate awapatsa atagwada. Yanga andiikira pabondo, andisisita pamutu. "Imwani, ba injiniya." Sanaseke. Kapena aseka atalowa m'nyumba.

Lamulungu

Tapita ku Chanyanya opanda nyimbo. Ampu ili pansi pa bedi, ikhale komweko.

Ndanyamuka ndikudikira kunyozedwa. Tisanatuluke n'komwe mu Estates, Atate ayamba kulankhula, mokuwa, monga amachitira anthu osamva bwino. Pa Nangongwe andiimitsa kuti andionetse nyumba yomwe anayamba kuchita lendi atangofika kuchokera kummawa. Tsopano ndi saluni. Akuti denga linkadontha pabedi penipeni, Amama n'kumagona atafunda ambulera. Akuti nsomba Atatewo ankakagula okha panjinga msewu womwewu, ulendo wina n'kugwa nazo m'matope, n'kuzitsuka pachithaphwi osauza munthu. Ine ndikayankha sakumva. Amake Taonga akutembenuka n'kubwereza mokuwa, kuwonjezamo zawo. Zambiri mwa nkhanizi sindinazimvepo.

Azakhali atiwona tikuima, athamanga chitenje chikugwa. Awagwira Atate kumaso ndi manja awiri, alira, kenaka awakalipira kuti ada ndi dzuwa. "Tinali pantchito ndi mwanayu sabata yonse," akutero Atate. "Timaika makina m'motoka. Analira mpaka anthu kutuluka m'nyumba kudzavina." Za utsi sananene. Azakhali andiyang'ana ndi ulemu umene sanandipatsepo. Ndangoti zikomo.

Tadya nsomba zowotcha pafupi ndi mabwato. Atate akangana ndi alamu awo za mpira, aliyense osamva mnzake.

Pobwerera Atate atsitsa zenera kuti atsazike. Latsika. Kukwera lakana. Ndadina batani langa, ndadina lawo, ayi. Pali waya wina umene ndaupana pobwezera kapeti, sindikudziwa uti. Msewu wonse fumbi likulowa. Amake Taonga awapatsa chitenje, afunda kumutu ngati wamaliro, nsomba zouma zili pamiyendo. Tafika kunyumba nsidze zawo zili zofiira.

Mawa ndibwerera kufakitale. Motoka ilibe wailesi, foni siitchajika, zenera lili pululu ndipo mitambo yayamba kusonkhana. Ndamatapo pulasitiki ndi tepi yotsala.

Ndikumata, Atate aima kumbuyo kwanga, akugogoda chitseko ndi ndodo, khutu atalitchera ngati akumva kanthu. "Ili likufuna kumasula chitseko chonse. Uweruka nthawi yanji mawa?" Ndawauza. "Ati?" Ndakuwa. "Chabwino. Undipeza pamthunzi."

Kumasula chitseko sindidziwa. Ndati chabwino, Atate.