Buku Lapita ku Ndola

Lolemba
Ba Mulenga, aphunzitsi athu a bizinesi ku koleji, apereka asainimenti: tsogolo la malonda a pa intaneti. Tipeze mabuku mu laibulale, tione walemba ndani, walemba liti, ndipo n'lodalirika kapena ayi. "Wondibweretsera za pa Fesibuku kapena mabuku a makedzana, mayeso aiwale," akutero. Kupereka ndi Lolemba likubwerali m'mawa. Ndikalephera, Adadi ananeneratu: ndikathandiza Anti kukazinga vitumbuwa ku Buchi.

Sindikuopa ine. M'minibasi ndikuiona kale shopu yanga ya pa intaneti. Zitenje zokhazokha. Munthu wa kutali akudina foni, chitenje chikukwera ndege, mwiniwakene ndili gone pa sofa. Ndapitirira potsikira. Ndabwerera wapansi.

Lachiwiri
Mu laibulale. Fungo la polishi, fani ikuzungulira mwaulesi. Ndapeza:
- chibuku chokhuthala chonena kuti tsiku lina anthu azidzatumizirana ndalama pa foni. Tsiku lina! Anti amagulitsa vitumbuwa pa foni yomweyo.
- lina lili ndi chithunzi cha kompyuta ya chimutu, ngati ija ya ku ofesi ya mgodi nthawi ya Adadi
- lachitatu wina anang'amba pakati ponse, Mulungu amuone

Tsogolo la m'mabuku amenewa tinalidutsa kalekale. Ndatsamira tebulo pang'ono kuti ndiganize. Andidzutsa potseka.

Lachitatu
Ndalipeza! Latsopano, chikuto chonyezimira, wolemba ndi pulofesa, chaka chake n'chaposachedwa. Mayeso onse a Ba Mulenga lakhoza. Ndalinunkhiza.

Vuto: lili ndi sitampa yofiira, silituluka panja. Buku limodzi, kalasi yonse. Ndipo aliyense pano amadziwa kuti buku labwino salibwezera pamalo pake. Mnzanga Mwansa anabisa la akaunti m'mabuku a unesi chaka chathunthu. Ndiye ine ndikhale wopusa? Ndalilowetsa kuseri kwa mabuku akale a migodi, shelufu ya pakona, kumene safikako munthu.

Kuwerenga sindinawerenge. Nthawi yathera posankha dzina la shopu. Mawa ndiligwira bwinobwino.

Lachinayi
Magetsi kulibe, laibulale yotseka. Pa gulupu ya kalasi yathu moto wabuka. "Buku latsopano lija lili kuti?" Ndalemba kuti, "Awe, anthu ndi oipa mtima." Ambiri agwirizana nane.

Ndakhala pansi pa mtengo wa mango kunyumba. M'maganizo shopu ija yakula: anyamata anga operekera katundu pa njinga zamoto avala yunifomu yobiriwira, akuyenda mondondozana mu Kitwe monse. Ofesi ili pamwamba, ya magalasi. Adadi akubwera kudzandiona atavala jekete la ku tchalitchi, sekilitale akuwauza kuti adikire kaye. Amayi akukuwa kuti nyemba zapserera.

Lachisanu
Mayo ine! Shelufu ya pakona ili pululu. Fumbi lokha.

Amayi oyang'anira laibulale akuti, "Mabuku a migodi? Tinawalongedza m'makatoni dzulo, mukwai, poti kunalibe anthu. Apita ku nthambi yathu ya ku Ndola. Kuno palibe amawagwira." Kenaka akundiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Nanga za migodi mwayamba kuzikonda liti?"

Ndati zili m'magazi, Adadi anali kalaliki wa pamgodi. Ndikuopa tsopano, zoona ndikuopa.

Loweruka
Ulendo wa ku Ndola. Basi siikudzaza. Odzaza mipando ena si apaulendo n'komwe, akutsika mmodzimmodzi ife enieni tikamakwera. Panjira ndikuwerenga bukulo m'maganizo, ndipo ndime zake zikukoma kwabasi.

Ndafika masana. Geti lotseka. Alonda akuti kiyi ali ndi amadamu oyang'anira, apita ku kicheni pate, phwando la mkwatibwi, ku Mushili, foni azimitsa. "Mubwere Lolemba masana." Masana!

Andilola kusuzumira pa windo. Makatoni ali apo, osanjikizana mpaka kudenga, omata ndi tepi. M'limodzi mwa makatoniwo muli buku langa, lagona pakati pa miyala ndi mikuwa. Ndaima nthawi yaitali, mphuno pa galasi. Tsogolo lija likanakhala kuti lafika, ndikanangodina foni, katoni n'kunditsata ku Kitwe. Alonda andigawira nzimbe.

Lamlungu
Ku tchalitchi ndayimba motsitsa. Pobwera ndakhala pansi ndi zimene ndinakopera m'chibuku chokhuthala chija. Ndalemba masamba awiri olosera kuti anthu azidzagula zinthu pa foni. Ba Mulenga akana kuwonjezera masiku, akuti buku linalipo, tinalisowetsa tokha. Ndiye tikugwa tonse, kalasi yathunthu.

Anti adutsa madzulo. Akuti mafuta otentha sawaopa, amangowazolowera.

Pa gulupu, Mwansa waika pemphero lalitali. Akuti amene anabisa bukulo asadzaone dipuloma, asadzakwere ndege, akalambire pamsika. Ma Ameni akutsika ngati mvula. Aliyense walemba, ndatsala ndekha, ndipo akuona kuti ndawerenga.

Ndalemba Ameni.