Ndidikira Amasule

Lolemba

Ndafika ku Mangochi. Kutentha kwake ngati wina wandiikira mbaula kumsana. Chipinda ndapeza pa resitihausi ya kuseri kwa msika, mwini wake ndi bambo wa ndevu zoyera, Che Amidu. Fani ilipo, magetsi ndiye palibe.

Katundu amene ndabwera naye:
katoni ya mabisiketi a mbatata yofiira mkati, osakaniza ndi nsinjiro, ophika ndekha ku koleji
mapepala a mafunso, mulu wonse
shati yoyera, yosavala mpaka tsiku lake
mtima, umene sunalembedwe pa pulani ya kafukufuku

Pulani ya papepala ndi yosavuta: kulawitsa anthu mabisiketi, kuwafunsa ngati akoma, ngati angagule, pa mtengo wanji. A Dokotala amene akuyang'anira kafukufuku wanga anandifunsa chifukwa chosankhira Mangochi pomwe misika ili mbwee pafupi ndi koleji. Ndinawayankha za kuchuluka kwa anthu ndi msewu wa tala. Anakhutira. Koma chifukwa chenicheni dzina lake ndi Asiyatu.

Anali patsogolo panga ndi chaka, anamaliza nabwerera kwawo kuno, ndipo nambala yake inasiya kulowa. Ndiye anandiphunzitsa kudya futali, wophika pa kahotipuleti kobisa ku hositelo nthawi ya mayeso. Mabisiketiwa ndi futali yemwe uja, ndangomuumitsa. Ndikufuna alawe, kenako ndimuuze mawu amene ndakhala ndikuwameza zaka zonsezi. Poyambira ndili napo: azakhali ake, Abiti Saidi, amagulitsa mpunga mumsika uno.

Masana ndayamba ntchito. Woyamba, bambo wa zitenje: "Zikomo achimwene, ndamanga." Ndayang'ana sitolo yawo, yomangidwadi bwino. Ndawayamikira. Wachiwiri, mayi wa tomato: "Ndamanga." Wa kabaza naye: "Tamanga, bwana."

Anthu a kuno ndi achitukuko! Aliyense akumanga. Pa mzere wa chifukwa chokanira ndalemba kuti otanganidwa ndi zomangamanga.

Olawa lero: ine ndekha. Akoma.

Lachiwiri

Ndawafotokozera Che Amidu za chitukuko cha anthu awo. Aseka mpaka kofiya yagwera m'chidebe cha madzi.

"Mwabwera kudzalawitsa anthu chakudya masana, mwezi wa Ramadani?"

Kumanga, akuti, ndi kusala. Munthu amamanga m'bandakucha, dzuwa likalowa n'kumasula. Ku koleji Asiyatu ankangoti "ndikusala", mwina potichitira chifundo ife a ku Ntcheu. Komanso mwezi umenewu suima malo amodzi, chaka chilichonse umasuntha. Ine ndinawerenga mabuku a misika mpaka maso kufiira, koma kalendala ya pakhoma sindinaiyang'ane.

Ndafufuta zomangamanga zonse. Mapepala ena abooka.

Pulani yatsopano: kusaka osamanga. Ndapeza anyamata a ku Nkope obwera ndi usipa, amakolona m'khosi. Awa ndiye alawa ndi mtima wonse, mpaka m'matumba. Nditatulutsa mafunso akuti galimoto ikuwasiya. Ndawaimbira a Dokotala. Akuti sampulo iyenera kuimira msika wonse, osati okhawo ali ndi njala. Afunsanso ngati zonse zili bwino. Ndati zili bwino kwambiri.

Pa mzere wa mpunga ndadutsa kangapo. Ndawadziwa Abiti Saidi popanda wondilozera: akamaseka amatseka diso limodzi, ngati Asiyatu. Ndawalambalala. Ndagula mpunga kwa mayi woyandikana nawo, ine wopanda poto, wopanda mbaula.

Tsopano mpunga uli pansi pa bedi, ine ndili pamwamba, tonse osaphikidwa. Ndamusowa mtsikana uja. Ndikuganiza za m'mene ankanditchulira "a Ntcheu", ngati ndi dzina la ubatizo.

Lachitatu

Lero ndalimba mtima!

Ndapereka moni wa Chiyao amene Che Amidu anandiloweza. Abiti Saidi ayankha m'Chichewa, zomwe zikusonyeza m'mene ndinatchulira. Ndati ndine mnzake wa Asiyatu wa ku koleji. Andiyang'ana kuyambira nsapato mpaka katoni.

"Asiyatu ali ku Malindi. Anamanga kale ameneyo, mwezi usanaoneke."

Likanakhala Lolemba ndikanafunsa kuti wamanga ya zipinda zingati. Koma lero ndine munthu wodziwa chilankhulo cha kuno. Ndasangalala mumtima: Asiyatu sanasinthe, pa chilichonse amakhala patsogolo, mpaka kuyamba kusala anzake asanaone mwezi.

Ndayankha mwaulemu wonse: "Palibe kanthu mayi, ndidikira amasule."

Kapu yoyezera mpunga yawapulumuka. Alankhula Chiyao chothamanga kwa mnzawo uja ndinamugula mpunga dzulo, iye n'kubisa pakamwa ndi mpango. Kenako andifunsa kuti ndidikira mpaka liti. Ndati sindili pa changu, ndamva kuti chomangidwa chilichonse chimamasulidwa nthawi yake ikakwana. Ndaonjeza kuti ndabwera ndi kanthu koti adzalawe akangomasula.

Andipatsa mtedza wodzaza dzanja osandilipiritsa, ngati m'mene amachitira ndi wodwala.

Ndikuona kuti andikonda.

Za kafukufuku: wapolisi mmodzi walawa, akuti shuga wachepa. Mphunzitsi wina walawa, akuti shuga wachuluka. Ndikawaphatikiza shuga ali bwino.

Malindi ali tsidya linalo la Shire. Ndaima pa mlatho kuyang'ana msewu wopita kumeneko mpaka wa njinga yamoto wandifunsa ngati ndikukwera kapena ndikufuna kudziponya.

Lachinayi

Nzeru zabwera ndi mvula ya m'mawa. Ngati anthu salawa masana, ndiwapatse atengere kunyumba, akalawe pomasula, mawa ndidzatenge mayankho. Ndakulunga mabisiketi awiriawiri m'mapepala a mafunso aja anabooka. Msika wonse walandira, ngakhale aja anakana Lolemba. Bambo wa zitenje wafunsa ngati ndikadali kuyamikira nyumba za anthu. Nkhani yanga yazungulira msika kuposa ine mwini.

Mavuto a lero:
chinyezi chalowa m'katoni, mabisiketi ayamba kupindika ngati chikopa
nyerere zapeza njira, ndipo izo sizinamange
shati yoyera yadontheredwa ndi denga, paphewa

Ndapatula mabisiketi abwino okhaokha, ndawatsekera m'chitini cha mkaka. Amenewo ndi a Asiyatu. Chitini ndachiika m'mbale ya madzi kuopa nyerere.

Dzuwa litalowa kwamveka kuitana kwa ku mzikiti, ndipo tawuni yonse yangoti zii. Mashopu otseka, njinga zoimika, aliyense ali pamphasa ndi abale ake. Nyumba iliyonse fungo la futali. Ine pakhonde la resitihausi ndi bisiketi yonyowa.

Akazi a Che Amidu anditumizira mbale ya futali weniweni, wotentha, nsinjiro zochita kuyandama. Nditangolawa ndabwerera ku hositelo: Asiyatu atakhala pa buku la zachuma, akupepesera utsi pawindo kuti a matironi asamve. Misozi yalengeza. Ndawauza Che Amidu kuti ndapsa lilime.

Zoona zake, mabisiketi anga ndi futali zikusiyana ngati chithunzi cha munthu ndi munthuyo. Izi sindilemba mu lipoti.

Ku Malindi Asiyatu nayenso wamasula nthawi yomwe ino. Kaya wakhala ndi yani pamphasa. Amayi ake, ndikuganiza.

Lachisanu

Ndadzuka molawira kukatolera mayankho. Pepala langa limafuna munthu asankhe: zoipa kwambiri, zoipa, pakatikati, zabwino, zabwino kwambiri.

Mayankho a msika:
"Chambone."
"Chambone, achimwene."
"Ana akuti chambone."
"Ndinapatsa apongozi, sanadandaule."
"Pepala lija ndinayatsira moto, koma chambone."

Che Amidu akuti chambone ndi zabwino. Ndafunsa ngati ndi zabwino chabe kapena zabwino kwambiri. Akuti zimatengera nkhope ya wonenayo, ndipo kwa mlendo amene wakupatsa chinthu chaulere palibe yankho lina. Nkhope sindinajambule.

Pa funso la mtengo onse akuti tidzakambirana ikatha Idi, chikondwerero chotsekera Ramadani. Dzuwa lili pamutu msika wonse wapita ku mzikiti, ndatsala ine, mbuzi ndi mayi wina wogulitsa makala. Mayiyo walawa, akuti ayenera tiyi. Mbuzi yadya pepala lake.

A Dokotala atumiza uthenga: akufuna kuona manambala Lolemba. Ndawatumizira chithunzi cha chala chachikulu.

Koma zonsezo zilibe ntchito, chifukwa madzulo ano Abiti Saidi andikodola okha!

"Ndawauza za inu. Akuti mubwere mawa ku Malindi, mudzamasule nawo limodzi. Akufunitsitsa kukuonani."

Mayi aulemu bwanji, mwana wa mchimwene wawo yemwe akumutchula ngati munthu wamkulu. Pondiuza njira diso lija linali lotseka. Mnzawo wa mpango anachita kutembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Chifuwa chavuta anthu nyengo ino.

Ndabwereka simbi ya makala. Ndasita shati, ndasitanso. Mawu ndawakonza: ndiyamba ndi bisiketi, ndipitirize ndi hotipuleti, kenako ndinene. Ndayeserera pamaso pa thumba la mpunga lija, ndipo zayenda bwino.

Loweruka

Ndilembe mwadongosolo, ngati lipoti, mwina sizipweteka kwambiri.

Ndinakwera matola. Shati inafika ku Malindi ili ya mtundu wa msewu. Nyumba ndinaipeza mosavuta: malata atsopano, kutsogolo kagolosale. Pakhomo panatuluka mwamuna wamtali, wa mkanjo woyera kuposa shati yanga isanakwere matola. Anandigwira dzanja ndi manja onse awiri.

"Ndinu aja mukudikira kuti timasule? Takulandirani. Ine ndine Jafali."

Kenako anatuluka Asiyatu. Yemwe uja, diso lomwe lija. "A Ntcheu, mwaonda. Awa ndi bambo a kunyumba kuno."

Anamangadi mwezi usanaoneke. Anamanga banja. Kuno ambiri amafulumira kumangitsa ukwati Ramadani isanayambe, ndipo ukwatiwo amautcha ndowa. Ine ndowa ndimadziwa yotungira madzi. Ndiye Lachitatu lija ndinaima pakati pa msika n'kuuza azakhali a mkwatibwi kuti ndidikira ukwati uthe, sindili pa changu.

Ndinkafuna nthaka ing'ambike. Siinang'ambike, m'malo mwake anandiyalira mphasa.

Chopweteka kwambiri n'chakuti Che Jafali ndi munthu wabwino. Ndinamufufuza paliponse, chilema sindinachipeze. Nthawi yomasula itakwana anayamba kundipatsa ine madzi. Futali anaphika Asiyatu, ndipo mwamunayo anandikankhira mbali ya nsinjiro zambiri. Za mumsika anaseka kamodzi kokha, osabwerezanso.

Chitini ndinachitsegulabe, ndikanatani nacho? Che Jafali analawa mofatsa, napempha pepala la mafunso. Anayankha onse, mpaka mtengo, mpaka mtundu wa paketi. Akuti ndichepetse mafuta, ndiike m'timapaketi ta ana a sukulu, ndipo ndikatha kubweretsa makatoni Idi isanafike adzaika mu golosale. Sabata yonse yathunthu, kasitomala wanga weniweni ndi ameneyu.

Asiyatu anadya theka la bisiketi. "Uyu ndi futali wa ku hositelo," anatero. Anazindikira popanda kumuuza. Mwamuna wake atalowa m'nyumba kukaswali, ndiko kupemphera kwawo, ndinamuwerengera funso lomaliza monga linalembedwera, chifukwa mawu anga aja anali atathawa: mukanazipeza kale pamsika, mukanagula?

Anayang'ana theka linatsala lija nthawi yaitali.

"Ndinkazifuna, a Ntcheu. Pamsika sizinafike."

Anatola mbale n'kulowa nazo kukhitchini.

Matola anali atatha. Che Jafali anandibweza pa njinga yake yamoto, ndipo msewu wa mabampu uja ndinachita kumugwira m'chiuno mpaka pa mlatho.

Lamulungu

Ndili m'basi, ikudikira kudzaza. Mpunga ndawasiyira akazi a Che Amidu. Iwo Che Amidu akuti anadziwa kuyambira Lachitatu, msika wonse unadziwa, koma nkhani ya ndowa ya eni mlendo sauzidwa ndi mwini resitihausi. Andiuza kuti ndidzabwerenso pa Idi, anthu akudya.

Zotsatira za kafukufuku:
pepala lodzazidwa bwino, limodzi, la mwamuna wake
chambone, wosawerengeka
katoni, ya nyerere
oda yoyamba ya bizinesi yanga, ku golosale imene sindikudziwa ngati miyendo ingandifikitseko

A Dokotala ndikawauza kuti nthawi inalakwika, ndibwereze mwezi wamawa. Adzakalipa, kenako adzavomera. Kafukufuku amabwerezedwa.

Pa mzere wa mfundo yomaliza ndalemba kuti msika unalipo, katundu anachedwa kufika. Akaiwerenga adzati ndayamba kuganiza ngati katswiri.

M'chitini mwatsala theka la bisiketi lija. Sindikudziwa kuti ndinalitola nthawi yanji.

Mayi wa mpando woyandikana nane, wa yunifolomu ya kwaya, wamasula kamphika ka mbatata yophika. Wandipatsa imodzi, yofiira mkati.

Ndati, "Zikomo mayi, ndamanga."

Wayang'ana kolona wa m'khosi mwanga, wayang'ana nkhope yanga. Wabweza mbatata mu kamphika, osafunsa kuti ndimasula liti.