Ukwati wa Rozita Ukumveka, Sukuoneka

Lolemba
Amayi akubwera Lamulungu kuchokera ku Angónia. Ukwati wa mwana wanga Rozita sanauone, anali m'chipatala. Wojambula wandipatsa kanema wa ukwatiwo. Ndaitananso asewere anga a ku Mpadue, makolo a mkamwini, tidzaonere limodzi. Komputa ikuchedwa kuyaka, ndiye alamu anga a Fabião, amene amakonza makomputa ku Moatize, afufutamo zonse n'kuikamo mapulogalamu atsopano. Akuti awa ndi aufulu.

Lachiwiri
Ndayesa kanema uja. Kwaya ikumveka bwinobwino. Chithunzi bii!

Lachitatu
A Fabião akufotokoza. Kanema aliyense ngotsekedwa, chotsekulira chake amati kodeki. Kodeki ya chithunzi cha kanema wathu mwini wake ndi kampani ya kunja, ndipo lamulo la kumeneko sililola kuti opanga mapulogalamu aufulu angoigawa. Mwana ndi wanga. Diresi ndinasoketsa ndine ku Matema. Kiyi ndi wa kampani?

Lachinayi
Zimene ndamva lero:
Chaufulu si chaulere.
Chaulere china si chaufulu.
Kodeki ilipo yogula, iliponso yongotenga, koma yongotengayo m'maiko ena ndi mlandu.
Kuno ndi mlandu? "Mlamu, zimenezo n'zovuta." Nanga yogulayo? Akuti iwo saika m'komputa chinthu chimene sangathe kuona m'kati mwake. Chikhalirecho amadya masoseji.

Lachisanu
Akusandutsa kanemayo kuti akhale wa mtundu waufulu. Kutentha kwa Teteku, komputa yazima kawiri. Taiika pa njerwa, ine ndikuikupiza ndi chivundikiro cha poto.

Loweruka
Chithunzi chabwera! Rozita wobiriwira, mkamwini wopanda mutu, ndipo mawu athawa. Tabwerera ku wakale uja. A Fabião akuti Lolemba zitheka.

Lamulungu
Tonse takhala, tikuyang'ana galasi lakuda. Poti palibe choona, aliyense watchera khutu. Nyimbo, malumbiro, nthungululu. Amayi akupukuta misozi. Kenako phwando, ndipo pafupi penipeni ndi wojambula pakumveka mawu a mzimayi: "Mpunga wa kuchimunawu ngosapsa, anthu awa kuphika sadziwa."
Ndi mawu anga.
Asewere akuyang'ana kudenga. A Fabião akunong'ona kuti mawuwo akumveka bwino chonchi chifukwa kodeki yake ndi yaufulu. Amayi akuti, "Bwezani pamenepo, sindinamve bwino."
Abweza.