Maliro a Apongozi Anga Amoyo

Bambo wina amene ankapalasa njinga kutsogolo kwathu anatsika, navula chipewa, naima m'mbali mwa msewu ataweramitsa mutu. Ndinamuona bwinobwino, koma sindinanene kanthu. Ndikanatsegula pakamwa pomwepo, bwenzi lero ndilibe nkhani. Vuto langa ndi lakuti ndimaona zonse koma ndimachita manyazi kufunsa. Ndiye mverani mmene manyazi ang'ono anandigulira manyazi a mudzi wonse.

Linali Loweruka la mu Ogasiti, fumbi lili paliponse. Ine ndi Dalitso tinali titatsala ndi miyezi iwiri kuti timange ukwati. Bambo ake, a Banda, mkulu wa mpingo, anali atagona m'chipatala ku Katete masabata awiri atachitidwa opaleshoni, ndipo tsikulo ankatuluka. Amayi asanu ndi mmodzi a Chigwirizano anabwera kudzawatenga, atavala yunifomu yawo yakuda ndi yoyera. Anapezerapo mwayi wotenganso kiyibodi yatsopano ya kwaya imene inafika pa basi kuchokera ku Lusaka. Kalipentala wa pamsika anaikhomera bokosi lalitali lamatabwa kuti isaphwanyike m'mabampu, amayiwo n'kulifunditsa nsalu yoyera kuopa fumbi.

Bokosi limeneli musaliiwale.

Tili pageti la chipatala, foni ya Dalitso inalira. Kuntchito ankamufuna ku Vubwi nthawi yomweyo, ndipo galimoto ya ofesi inali itanyamuka kale kudzamutenga.

"Nanga ife tipita bwanji?" anafunsa amayi ake, aNaphiri.

"Esnart ali ndi laisensi, amama. Aziyendetsa iyeyu."

ANaphiri anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Amenewa ndi mayi amene anauzapo mnzawo, ine ndikumva, kuti atsikana a kukoleji amadziwa kutembenuza mapepala basi. Kuyambira tsiku limenelo ndinkafunitsitsa kuti andione ndikuchita chinthu chimodzi chokha mwaluso.

Dalitso anandipatsa makiyi. "Koma motoka iyi ndi ya amalume, si ngati ija unaphunzirira. Uyenera kudziwa kuti..."

"Ndikudziwa," ndinatero ine.

Sindinkadziwa. Laisensi yanga inali ndi miyezi itatu. Galimoto imene ndinaphunzirira ku Chipata inali ya ku Japan, ndipo kuseri kwa chiwongolero chake kunali timitengo tiwiri: kakumanja ka maindiketa ndi malaiti, kakumanzere ka mawaipa. Dzanja limazolowera mpaka limagwira ntchito lokha. Koma vanete ya amalume inachokera ku Joni, ndipo amene anaipanga anasinthanitsa timitengoto. Izi ndi zimene Dalitso ankafuna kundiuza.

A Banda tinawagoneka pampando wakumbuyo m'kati, ndipo anadzifunditsa bulangete mpaka kumutu. ANaphiri anakhala kutsogolo pambali panga. Amayi a Chigwirizano anakwera kunja kumbuyo, atazungulira bokosi lija.

"Adokotala ati mabampu ayi," anatero aNaphiri. "Ulusi wa pamimba ungaduke."

"Chabwino amayi."

Titafika pamsewu waukulu ndinafuna kukhota. Dzanja lamanja linakankha kamtengo kake monga mwa masiku onse. Mawaipa anadzuka n'kuyamba kukwecha galasi louma. Kwii, kwii, kwii.

ANaphiri anasuzumira kumwamba. Kunalibe ngakhale kamtambo.

"Kodi kukubwera mvula?"

"Ayi amayi. Ndikupukuta fumbi."

"Ukhondo ndi wabwino," anatero, osandiyang'ana.

Kuti ndizimitse mawaipa, dzanja lamanzere linathamangira kamtengo kakumanzere n'kukapotokola kunsonga. Mawaipa sanamve. Chimene sindinadziwe n'chakuti ndayatsa malaiti akutsogolo, masanasana. Ndinakakoka kuti mwina madzi atuluke galasi lisiye kulira. Madzi sanatuluke, koma woyendetsa lole ya thonje imene inkabwera kutsogolo anaphimba maso ndi dzanja.

Ndili m'kati mofufuza, chala changa chinagunda kabatani kofiira kamene kanali pamwamba pa khosi la chiwongolero. Timivi tiwiri tobiriwira tinayamba kuphethira limodzi. Mahazadi. Awa ndinawazindikira. Ndinakadinanso kabataniko, koma kanali kakale, kanakana kutuluka. Mwamwayi chigongono changa chinamenya kamtengo kakumanja, mawaipa n'kugona.

Pamenepo ndinalumbira mumtima kuti sindikhudzanso chilichonse kupatula chiwongolero ndi giya. Ndinadzitonthozanso kuti popeza maindiketa onse awiri akuyaka, kulikonse kumene ndingakhotere ndachenjeza kale.

Kumbuyo kuja amayi anayambitsa nyimbo yothokoza Mulungu chifukwa cha kuchira kwa mkulu wa mpingo. Anasankha ija yoyenda pang'onopang'ono, yokoka mawu.

Tsono taganizani inu muli m'mbali mwa msewu. Mukuona vanete ikuyenda ngati ikuwerenga miyala, malaiti ali ngwee, mahazadi akuphethira, amayi a yunifomu akuimba mokoka atazungulira bokosi lalitali lofundidwa nsalu yoyera. Mungaganize chiyani? Ine ndinali m'kati mwa vaneteyo, ndiye sindinaganize chilichonse.

Apa ndi pamene bambo wa njinga uja anavula chipewa. Patsogolo pang'ono amayi ogulitsa tomato anaimirira n'kupinda manja pachifuwa. Wapolisi wa pamsewu, amene ndinkamuopa kuyambira pageti la chipatala, anaima njo n'kutikodola kuti tidutse. Nditayang'ana pagalasi ndinaona minibasi ya ku Chipata ikutilondola mwaulemu. Chibadwire sindinaonepo minibasi ikudikira kumbuyo kwa munthu.

ANaphiri anaona zonsezi ndipo anakhala tsonga.

"Waona mmene anthu amawalemekezera atate ako? Katete yense wamva kuti atuluka."

Anati atate ako. Aka kanali koyamba kundiwerengera m'banjamo, ndipo mtima wanga unasungunuka. Kukayikira konse kumene kunayamba kumera m'mutu ndinakupondereza. ANaphiri anatsitsa galasi n'kumagwedezera anthu mutu. Fumbi linawalowa m'maso, n'kuyamba kupukuta misozi ndi kansalu.

Titasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wopita cha ku Mkaika, ndinaona bambo wa njinga yamoto wa kumudzi kwa a Banda. Anaima, naika dzanja pamutu, kenako natulutsa foni. Posakhalitsa foni yanga inayamba kunjenjemera m'chikwama. Inanjenjemera kasanu, kakhumi. Sindinaigwire, chifukwa dalaivala wabwino sayankha foni pamsewu, makamaka apongozi ali pambali. Ya aNaphiri inali yozimitsa kuyambira m'chipatala muja. Amayi akumbuyo anali pa ndime yachinayi.

Ulendo wa mphindi makumi anayi unatitengera maola awiri ndi theka. Bampu lililonse ndinkalikwera ngati ndikupepesa.

Tikuyandikira mudzi, ndinaona nthambi zamasamba aawisi zitayalidwa modutsa msewu. Kwathu kuno nthambi zotere zimanena chinthu chimodzi chokha.

"Mayo ine," anatero aNaphiri. "M'mudzi mwagwa zovuta ife tili kuchipatala. Ndani ameneyu? Kapena ndi aNambewe aja ankadandaula chifuwa?"

Tinakhota pamtengo wa mango, ndipo ndinaona khamu. Linali pabwalo la a Banda. Mipando ya pabalaza inali itatulutsidwa panja, mkeka utayalidwa m'nyumba, nkhuni zitaunjikidwa. Amuna angapo anali ndi makasu ndi mafosholo. Kuseri kwa khola mbuzi inali italendewera kale pamtengo, akuisenda.

Nditangozimitsa injini, kulira kunaphulika. ANaphiri ndi mayi odziwa mwambo, ndipo pamaliro safika ndi maso ouma. Anatsika ataika manja kumutu, akulira mokweza ngakhale sanadziwe amene akumulira. Anthu ataona mkazi wa a Banda akulira choncho, kukayika konse kunatha. Amayi anayi anawagwira n'kuwakokera m'nyumba.

"Limbani mtima, mayi. Ndi njira ya tonse."

Amayi a Chigwirizano nawo anasiya nyimbo n'kulowa m'kulirako, poganiza kuti afikira pamaliro a wina.

Ine ndinatsala pachiwongolero. Ndinayang'ana khoma la nyumba limene linali kutsogolo kwanga mumthunzi. Panali mawanga awiri aakulu owala, ndipo m'mbali mwake kuwala kwachikasu kunkabwera n'kupita. Ndinayang'ana pagalasi, n'kuona bokosi ndi nsalu yake yoyera. Zonse zinalumikizana m'mutu mwanga nthawi imodzi.

Ndinafuna kufuula kuti m'bokosimo muli kiyibodi chabe, koma ndinachedwa.

Amuna asanu ndi mmodzi anafika kudzanyamula bokosi, atakunga mphamvu. Linakwera m'mwamba ngati lichero.

"Matenda ndi oipa," ananong'ona wina. "Munthu wathanzi uja wapepuka chonchi?"

"Ndipo afupika," anayankha mnzake.

A Yotamu, mng'ono wawo wa a Banda, anabwera pawindo langa akupukuta m'maso. "Mwagwira ntchito, mayi. Mwawabweretsa mwaulemu akulu anga. Kodi m'chipatala muja ananenapo za ngolo ndi ng'ombe ziwiri zija?"

Pamenepo bulangete la pampando wakumbuyo linagwedezeka. A Banda anatulutsa mutu, nayasamula, natsegula chitseko, natsitsa phazi limodzi pansi mosamala atagwira pamimba.

"Yotamu, maliro a ndani?"

Ndinangoona nsapato imodzi ya a Yotamu itatsala pamene anaima. Onyamula bokosi anayang'ana a Banda, nayang'ana bokosi, nalisiya pansi mwamsanga kuposa mmene analinyamulira. Mayi wina analumpha mulu wa nkhuni, chitenje chili m'manja. Kulira kwa m'nyumba kunapitirira kwa kanthawi, chifukwa uthenga unali usanalowe.

Zinatenga nthawi kuti anthu abwerere. Bokosi linatsegulidwa pamaso pa onse, kiyibodi n'kuonekera ili m'pulasitiki yake. Ena anayamba kuseka, ena ankalirabe chifukwa misozi ikayamba siimvera msanga. ANaphiri anatuluka m'nyumba duku litapendekeka.

"Ndani wanena kuti amuna anga amwalira?"

Onse analoza wa njinga yamoto uja.

"Ine ndanena zimene ndaona," anatero iye. "Malaiti masana, mahazadi, bokosi, nyimbo, inuyo mukupukuta misozi. Onani, mpaka pano akali kuyaka."

Mudzi wonse unatembenukira kwa ine. Ndikanatha kunamizira galimoto. Inali yakale, ndipo palibe akanaiikira kumbuyo. Koma ndinatsika, n'kugwada pafumbi pamaso pa aNaphiri.

"Ndine, amayi. Ndimafuna kuzimitsa mawaipa. Dalitso amafuna kundilangiza, ine n'kunena kuti ndikudziwa."

"Kuyambira ku Katete?"

"Kuyambira pageti, amayi."

"Ndiye anthu onse aja amavula zipewa..."

Sanamalize. Anakhala pa umodzi wa mipando yawo imene inali panja, naphimba nkhope ndi chitenje, mapewa n'kuyamba kugwedezeka. Ndinaganiza kuti ukwati wathera pomwepa. Kenako ndinamva kuti akuseka, kuseka kosowa nako mpweya.

"Ndipo ine ndimawagwedezera mutu!"

A Banda anapempha kuti tisawaseketse chifukwa cha ulusi. Anayang'ana mbuzi yawo pamtengo paja nthawi yaitali, kenako anati popeza yafera iwo, chiwindi chikhale chawo. Anthu anadya, kwaya inayesa kiyibodi, ndipo a Yotamu anatumiza mkazi wawo kudzatenga nsapato.

M'mawa mwake vanete inakana kulira. Mahazadi anali atazimitsidwa dzulo lake ndi amalume ake a Dalitso, eni galimoto, amene anangodina kabatani kaja mwamphamvu ndi chala chachikulu, koma malaiti aliyense ankayesa kuti wina wazimitsa, mpaka batire linatha. Amuna omwe aja ananyamula bokosi ndiwo anaikankha. Dalitso anali atafika ndi basi yoyamba. Anandikhazika pachiwongolero n'kundisonyeza: kakumanzere, kukankha ndi maindiketa, kupotokola ndi malaiti, kakumanja, mawaipa. Phunziro lonse linatenga mphindi imodzi.

ANaphiri anatuluka atavala zopita kutchalitchi, natsegula chitseko chakutsogolo, nauza mwana wawo kuti akhale kumbuyo.

"Ayendetse mkamwana wanga. Ine ndiziyang'anira timitengoto."

A Banda anali pakhonde ndi kapu ya tiyi. Anandiitana ndi dzanja, ine n'kupita kukagwada.

"Mwana wanga, tsiku lenileni likadzafika, udzandiyendetse ndiwe. Sindinamve bampu ngakhale limodzi."

Kuyambira pamenepo, munthu akayamba kundiuza kuti "uyenera kudziwa kuti", ndimamudikira amalize.