Mafuta a Mfuti ya a Ulisses

Aliyense amene anakhalako ku Mithete migodi ya malasha isanayambe kumeza midzi akuuzani kuti malemu bambo Ulisses Kambalame sankapereka moni ngati anthu ena. Ena amafunsa za kudzuka, za ana, za mvula. Iwo ankakugwira dzanja, n'kulinunkhiza, n'kufunsa kuti, "Awa ndi mafuta anji?"

Ukati ndi odzola, ankalitaya dzanjalo ngati wawatukwana. Koma ukati ndi a makina osokera kapena a njinga yamoto, ulendo wako unkathera pomwepo. Ankatikita kadontho pakati pa zala, n'kukayang'ana padzuwa, kenako n'kulawa. Inde, kulawa ndi lilime, maso ali chitsinzinire.

Zonsezi zinali chifukwa cha mfuti. Inali gogodera yakalekale ya malume awo, yaitali ngati munsi, imene a Ulisses anaikwirira m'khola pothawira ku Malawi nthawi ya nkhondo. Atabwerera mtendere utadza, anaifukula itafiira ndi dzimbiri, ndipo akuti analira kuposa mmene analirira ataona nyumba yawo itapsa. Tsiku lomwelo analumbira kuti dzimbiri silidzaikhudzanso. Palibe amene anaimvapo ikulira mfutiyo. Koma aliyense ankadziwa kuti ilipo kuchipinda, yopukutidwa, yonyezimira, ikungodikira.

Akazi awo, mayi Piedade, ankaitcha mkazi mnzawo.

"Bambo a Edite, ine mapazi achita mang'a mpaka nkhuku zikufunamo chakudya, simunandipakepo ngakhale dontho. Koma mkazi mnzanga, m'mawa mafuta, masana mafuta."

"Inu mayi a Edite simuchita dzimbiri."

"Mudzaona tsiku lina."

Mayi Piedade ndiwo anaona mayesero onse, poti ankachitikira pakhonde pawo. A Ulisses anayamba ndi mafuta ophikira. Masiku oyamba mfuti inawala bwino, koma mwezi usanathe inayamba kununkha ngati mphika wa mandasi woiwalika, ndipo nyerere zinatsegula msewu kuchokera kudzala mpaka kumpope wa mfutiyo. Kenako anayesa mafuta a nkhumba. Anapaka Loweruka, ndipo Lamulungu agalu a mudzi wonse anawaperekeza kutchalitchi, n'kukhala pakhomo mwaulemu mpaka katekisita anasokoneza pemphero. Munthu wina wa ku Nkondezi anawabweretsera mafuta a nsato m'kabotolo. Apo mayi Piedade ananyamula mphasa.

"Musankhe, ine kapena njokayo."

A Ulisses anaganiza nthawi yaitali ndithu, yaitali kuposa mmene mwamuna wanzeru ayenera kuganizira, asanakataye kabotoloko.

Malasha atayamba kukumbidwa kwambiri, kwa iwo kunali ngati kwatseguka msika wa kumwamba. Moatize anadzaza ndi magalimoto akuluakulu, ndipo galimoto iliyonse inkadontha mafuta amtundu wake. A Ulisses ankapita wapansi kukakhala pagalaja ya Marcelino, makaniko wa m'mbali mwa msewu, ali ndi tizitini m'thumba. Anayesa mafuta ofiira, obiriwira, akuda. Anayesa girizi, amene kumeneko amati masa. Koma fumbi la malasha, lomwe linkadetsa ufa pamphasa ndi zovala pachingwe, linkamatirira pagiriziyo n'kusanduka ngati mchenga wotsukira mapoto. Mafuta opepuka nawo, kukatentha mwezi wa Okutobala, ankangoyenderera n'kuthera m'thabwa la kutako kwa mfuti.

"Ndapeza, Marcelino," anatero tsiku lina, chala chili m'mwamba. "Mafuta ndi awiri basi. Girizi wolimba ndi wa mfuti yogona, imene ukuisunga. Mafuta opepuka, a makina osokera, kadontho kamodzi, ndi a mfuti imene ili ndi ntchito."

"Nanga yanuyo, madala, yagona kapena ili ndi ntchito?"

"Zimenezo udzamva ndi makutu."

Marcelino anaseka, koma madzulo ake anauza mkazi wake, ndipo mkazi wake anauza anthu onse pachitsime.

Tsiku lowasamutsa kupita ku Cateme, kumene anamangira nyumba mabanja ochotsedwa pamalo a migodi, a Ulisses anakwera lole atafukata chinthu chachitali chokulungidwa m'chitenje chatsopano cha akazi awo. Mnyamata wolemba katundu anasuzumira.

"Madala, mwanayo akudwala?"

"Wagona. Usamudzutse."

Lole yonse inakhala chete mpaka kufika.

Ku Cateme anthu anayamba kuyang'ana zitini za a Ulisses monga mmene amayang'anira mitambo. Akawaona akuchokera kwa Marcelino ndi girizi, mitima inkakhala pansi. Koma tsiku lina anaoneka akuodira pakhomo pa Laurinda, telala wa m'mudzimo, akupempha mafuta a makina osokera. Laurinda anathira m'kachivindikiro.

"Pali amene wakulakwirani, malume?"

"Mwini wake akudziwa."

Dzuwa lisanalowe, mbuzi ya mayi Piedade imene inasowa nthawi ya masika inapezeka yomangiriridwa pamtengo, ili ndi kamwana kake. Gilberto, amene ankadziwika ndi manja aatali, anadutsa kudzapereka moni kawiri, chipewa chili m'manja. Nkhwangwa inabwerera, sefa inabwerera, mpaka khasu limene banjalo silinakhalepo nalo. Mayi Piedade analowa m'nyumba n'kuwapeza amuna awo akudontheza mafuta aja ndi nthenga ya nkhuku.

"Kodi ndani amene wakulakwiraniyo?"

"Dzimbiri. Ndaliona pansi pa chokhethemulira."

Munda wa ku Cateme unali miyala yokhayokha, choncho patapita zaka anakwera kumapiri a ku Zóbuè, kumene a Sílvio, alongo awo a mayi Piedade, anawadulira malo. Kumeneko kuzizira kwa mwezi wa Juni kunaumitsa girizi wawo ngati sopo, ndipo kafukufuku anayambiranso pachiyambi. Anthu a ku Zóbuè nawo anazolowera kununkhizidwa manja. Mbiri ya nkhalamba yodziwa mafuta a mfuti inayenda m'misika, m'mabasi, n'kukafika ngakhale kumene sinkayenera kufika.

Chinafika chaka chimene anthu anayambanso kulankhula motsitsa mawu. Kunkamveka kuti cha ku Nkondezi nkhokwe zapsa, kuti mabanja ena akuwoloka malire ndi mitolo pamutu monga kale. Tsiku lina dzuwa lili pamutu, mayi Piedade akusenda mbatata, nkhuku zinabalalika. Atakweza maso anaona amuna angapo ataima m'mphepete mwa bwalo, ena atavala nsapato zausilikali, ena mapatapata. Aliyense anali ndi mfuti, osati gogodera ayi, koma zija zolira ngati chimanga chokazinga. Mpeni unawagwa m'manja.

Wamkulu wawo ankalankhula mofatsa, ndipo kufatsako ndi kumene kunkaopsa.

"Madala, tamva kuti ndinu dotolo wa mfuti. Zathuzi zagona m'nthaka nthawi yaitali. Tikufuna zidzuke."

A Ulisses anadzuka pampando, n'kutenga mfuti ya mmodzi wa dzino lothyoka, n'kuinunkhiza. Nkhope inakwinyika.

"Mwana wanga, wapaka chiyani umu? Mafuta a nsomba zam'chitini?"

Wa dzino lothyokayo anayang'ana pansi ngati mwana wasukulu. Mmodzi anaseka, koma wamkulu uja sanaseke.

"Tilibe nthawi, madala."

"Mayi a Edite," anatero a Ulisses osatembenuka, "tabweretsani mafuta apadera aja. A m'chipanda chili kuseri kwa mtsuko."

Mayi Piedade anadabwa. M'chipanda chimenecho munali mafuta awo a nsatsi, odzola kumutu, akalekale. Amuna awo anawayesapo kamodzi n'kuwanyoza sabata yathunthu, amvekere akagona m'chitsulo n'kukumana ndi chisanu cha kumapiri amamata ngati ulimbo. Mayiwo anawayang'ana amuna awowo, poganiza kuti mwina asokoneza. A Ulisses anali kalikiliki kumasula mfuti. Mayiwo analowa m'nyumba, n'kutuluka nacho chipandacho.

Munthu amene moyo wake wonse ankati dontho limodzi n'lokwana, tsiku limenelo ankaviika nthenga yonse. Anapaka mkati, anapaka m'makona, anapaka mpaka pobisika, kwinaku akuwaphunzitsa za nkhumba, za nsato, za fumbi la ku Moatize, ngati ali pagalaja ya Marcelino. Amuna aja anakoka zitsulo zawo, ndipo zinaterera bwino, poti mafutawo anali adakali ofunda ndi dzuwa.

"Zikakana, madala," anatero wamkulu uja akukoleka mfuti paphewa, "tidzabwera kudzakuuzani."

"Mudzandipeza pompano."

Atazimiririka m'chimanga, mayi Piedade anakhala pansi pomwe anaima.

"Bambo a Edite, mwatipha."

"Ndakutherani mafuta anu. Ndidzakutolerani nsatsi zina."

Patapita masiku kunamveka mfuti kuseri kwa phiri m'mawa kuli nkhungu, koma zinalira pang'ono, modukizadukiza, n'kusiya. Anthu ambiri anathawira ku Malawi. A Sílvio anabwera kudzatenga mlongo wawo ndi zidzukulu, ndipo anawachonderera alamu awo mpaka kugwada.

"Ndinawauza kuti adzandipeza," anayankha a Ulisses. "Akapeza nyumba yopanda munthu adzafunsa kumene mwapita."

Mayi Piedade anakasiya ana kutsidya, n'kubwerera okha. Anawapeza amuna awo atatembenuzira mpando kumsewu, gogodera ili pamiyendo. Mayiwo ankadziwa zimene mudzi sunkadziwa, kuti m'nyumba imeneyo munalibe wonga ngakhale wodzaza chikhadabo, chibwerereni kuchokera ku Malawi kalekale kuja. Anatenga mphasa n'kukhala pambali pawo.

Zinthu zinazizira, anthu anabwerera, mvula inagwa n'kukata kangapo. A Ulisses ankanunkhizabe manja a alendo, koma tsopano ankayamba ayang'ana nkhope, kenako paphewa. Galu akauwa masana ankasiya chiganizo pakati. Amuna aja sanabwere. Chimene chinabwera ndi chifuwa cha mwezi wa Julaye, chimene chinawagoneka sabata imodzi n'kuwatenga, akudandaula kuti mankhwala a kuchipatala ndi opepuka kwambiri.

Gogodera ija apolisi anadzaitenga maliro asanatuluke. Inali yoterera moti inapulumuka m'manja mwa wapolisi woyamba, n'kupulumukanso mwa wachiwiri, ndipo anthu anaseka m'siwa momwemo misozi ili m'masaya.

Kumanda kunali munthu wina amene palibe anamudziwa. Anaima kumbuyo, ndipo anthu akubalalika anayandikira mayi Piedade n'kugwada. Atatsegula pakamwa, mayiwo anaona dzino lothyoka lija.

"Amayi, pepani. Ndinamva pamsika." Anatsitsa mawu. "Mfuti yanga inakana m'mawa umene uja. Munthu amene ndinamuloza ali moyo, amagulitsa kabichi ku Moatize. Ndimamuona."

Munthuyo anacheukira kumsewu, n'kupitiriza.

"Koma si tonse tinabwerako. Ndipo wamkulu uja sanaiwale. Amafunsabe."

Anadzuka, n'kulowa m'gulu la anthu, osaonekanso.

Patatha miyezi ingapo, zitseko za m'mudzimo zinayamba kulira. Cha a Sílvio, cha tchalitchi, cha chigayo, ngakhale chipata cha khola la katekisita. Mawilibala anayamba kukuwa, matcheni a njinga anafiira. Ndi pamene anthu anazindikira kumene kunkapita mafuta onse amene mfuti inkawakana: nkhalamba ija inkawadontheza m'mahinjesi a eni ake ikamadikira kuti aiyankhe odi, osauza munthu. Tsopano mlendo amagwira dzanja n'kulandira dzanja lake msangamsanga, louma, popanda womufunsa kanthu, ndipo moni wa kumeneko wafupika.

Edite anabwera kuchokera ku Moatize ndi kabotolo ka mafuta, akuti akonze chitseko cha amayi ake, chimene chinkalira kuposa zonse. Mayi Piedade anamugwira mkono.

"Chisiye, mwana wanga. Chizilira choncho. Ndizimva akamatsegula."