Tsiku Limene Ndinawatseka Pakamwa a Wailesi

Pachipatala chathu panalibe munthu wolephera kusunga chinsinsi ngati a Wailesi, mmisiri wathu wokonza makina. Dzinali tinawapatsa ndife anamwino, ndipo linawakhala. Nkhani ikalowa m'khutu mwawo m'mawa, pofika nthawi ya tiyi inali itafika kale kumochale, mlonda wa pageti akuithira mchere. Chokoma chake, nkhani iliyonse ankaiyamba ndi kuyang'ana uku ndi uku, kenako n'kunong'ona kuti izi n'zapakati pa ine ndi inu. Kunong'ona kwakeko kunkadzutsa odwala mawodi awiri.

Sanali amiseche ayi, ndisanamizire munthu woti anatsikira kuli chete. Chimene chinkawayabwa pakamwa ndi nzeru za manja awo. Ine ndagwira unamwino kuwodi ya ana zaka makumi awiri ndi zisanu, koma sindinaonepo wina woukitsa makina opopa mpweya ndi mphira wa chubu cha njinga. Kachipinda kawo, kuseri kochapira zovala, kanali kodzaza zitini za masikuluu ndi mawaya, ndipo chitini chilichonse ankachidziwa ngati mwana wawo.

Chinthu choyamba chimene anapanga okha chinali kabelu ka diripi. Botolo likamatha limapepuka, kasipuling'i kamakwera, kabelu n'kulira, namwino n'kuthamangirako. Kanatipulumutsa miyendo. A Wailesi anakaonetsa madokotala, ophika, ngakhale munthu wobwera kudzazulitsa dzino. Kumsonkhano wa azaumoyo anawapatsa mphindi zisanu, iwo anadya ola lathunthu, n'kugawira aliyense pepala la zojambula zake.

Patapita zaka zitatu, mwana wawo wamkazi, yemwe ndi mphunzitsi, anamva za patenti, chikalata cha boma chonena kuti nzeru iyi ndi ya uje, wina asaipange kapena kuigulitsa mwiniwake asanalole. Anawakokera bambo akewo kwa loya wa zimenezi. Ine ndinatsagana nawo ngati mboni yoti kabeluko kamagwiradi ntchito.

Loyayo anali mayi wamfupi, wamagalasi, woumira kuseka. Anafotokoza kuti chinthucho chiyenera kukhala chatsopano, chisakhale choti mmisiri aliyense akanachiganiza atangokanda mutu, komanso chikhale chogwira ntchito. A Wailesi anagwedeza mutu monyadira, n'kutulutsa m'thumba kabelu kamene anakapanga dzulo lake, penti isanaume, kuti mayiyo aone yekha utsopano wake.

"Chatsopano kuno sitinena chopangidwa dzulo, bambo," anatero loyayo. "Tikunena chimene anthu sanachimvepo. Mwauzapo anthu angati?"

"Palibe, mayi."

Ine ndinatsokomola.

"Kunena kuti onse amene ndinawauza, ndinawachenjeza kuti n'zapakati pa ine ndi iwo," anadzikonza a Wailesi.

Atamva za msonkhano uja ndi mapepala ogawa, loyayo anavula magalasi n'kuwaika patebulo. Anati mayiko ena amakhululuka ngati sipanathe chaka, koma zaka zitatu ayi, madzi akatayika saoleka. Kabelu kaja tsopano kanali ka aliyense.

M'basi pobwerera a Wailesi anakhala duu, mpaka mwana wawo anawagwira pachipumi kuyesa malungo. Titatsala pang'ono kutsika ndi pamene anandiuza, motsitsa mawu zenizeni ulendo uno, kuti moyo wawo wonse akhala akukonza makina olembedwa mayina a anthu ena, ndipo ankangofuna chimodzi chokha chikhale ndi dzina lawo, adzukulu adzawerenge. Zinandikhudza, ngakhale sindinawaonetse.

Chaka chisanathe anabwera ndi china, kachipangizo kotseka diripi kokha mwana akalandira madzi okwanira. Kwa ife chimenechi chinali chachikulu kuposa kabelu. Khanda ukalipitirizira madzi limabanika, ndipo namwino mmodzi wa ana makumi atatu amangodalira maso ndi wotchi. Loya uja atamva cholinga chake anamwetulira, koyamba ndi komaliza ine ndikuona. Anawakumbutsa kuti patenti si chilolezo choyesera pa odwala, imeneyo ndi ofesi ina. Kenako anawapatsa lamulo limodzi: pakamwa patsekedwe mpaka mapepala atalowa ku ofesi ya mapatenti n'kudindidwa deti. Pambuyo pake alankhule mpaka atope, chifukwa patenti ndi msinthano, umaulula zonse papepala, boma n'kukutchinjiriza.

Abale anga, kuvutika kwake munthu wamkulu uja! Anayamba kudutsa kuseri kwa mawodi kuopa kukumana ndi anthu. Ukawapatsa moni ankangokweza dzanja, tsaya litafufuma ngati asunga madzi m'kamwa. Lamba anaboola bowo lina. Ochapa zovala analumbira kuti anawamva akufotokozera firiji yakufa, n'kuichenjeza kuti isauze munthu. Ndipo poopa maso a anthu, madzulo alionse poweruka ankaphwasula kachipangizoko n'kumwaza tizidutswa take m'zitini zosiyanasiyana, m'mawa n'kukamanganso.

Kulemba nako kunawapweteka. Nzeru zawo zinkatulukira pakamwa, cholembera chinkangowachedwetsa. Tsiku lina anapita kwa loya atakwiya chifukwa mayiyo anafufuta mawu akuti sipoko ya njinga n'kulemba kuti kachitsulo kopindika. Iwo anati sipoko ndi sipoko, kunama n'kulakwa. Loyayo anawafunsa kuti nanga wina akadzatenga waya wa ambulera n'kunena kuti chake n'chosiyana, adzamugwira ndi chiyani? Anagonja, komabe anang'ung'udza mlungu wonse, osatha kutiuza chimene akung'ung'udzira.

Ine ndinadzipatsa ntchito ya upolisi. Ndikangoona ayamba kuyang'ana uku ndi uku, ndinkawaloza chala, iwo n'kumeza malovu. Ndinkanyadira kuti ndikuwathandiza.

Lachinayi la mlungu wachisanu, masana, anandipeza ndikupinda nsalu kuwodi. Anali otuwa, akupuma mwabefu, koma maso akuwala.

"Sisita, pali kanthu kamodzi kamene sindinalembe. Mmene kamatsekera. Kanali kukana, dzulo ndakapeza. Ndikuuzeni inu nokha, kakundilemera."

"Iyayi bambo. Mwapirira milungu isanu, ndiye mugonje lero? Lolemba mukawauze a loya."

"N'kakafupi, Sisita."

Ndinatseka makutu ndi manja onse awiri, uku ndikuseka. Iwo anaima pang'ono, nawonso n'kuseka, koma chapansipansi.

"Chabwino. Mwandithandiza," anatero, n'kubwerera kukachipinda kawo.

Loweruka m'mawa anagwa pakhomo pawo akupopa njinga. Unali mtima. Pamaliro panadzaza anthu, ndipo aliyense anali ndi chinsinsi chake chimene a Wailesi anamuuza yekha. Tinaseka misozi ili mbwembwembwe titapeza kuti zinali zomwezomwezo.

Patatha milungu iwiri, ine ndi mwana wawo uja tinatenga mapepala onse kupita nawo kwa loya. Anawerenga tsamba ndi tsamba, kenako anapukusa mutu. Anati chikalatacho chimafuna kuti mmisiri wina akawerenga athe kupanga chinthucho yekha, koma pamalo pofotokoza katsekedwe panali mutu wokha, pansi pake poyera. Popanda pamenepo panalibe choti n'kupereka.

Ndinamufotokozera za Lachinayi lija, mwina pofuna kuti andiyamikire kuti ndinasunga lamulo. 

"Kuuza munthu mmodzi mwachinsinsi sikuwononga kanthu, Sisita, makamaka akasaina kapepala kolonjeza kuti saulula," anatero mayiyo. "Bambo aja ndinawabisira dala zimenezi. Ndinkaopa kuti asainitsa chipatala chonse."

Palibe anaseka, ngakhale tonse atatu tinkadziwa kuti akanaterodi. Mwana wawoyo anasonkhanitsa mapepala aja bwinobwino, n'kuwaika m'chikwama, n'kunena kuti ana ake adzawerenga omwewo.

Mmisiri amene analowa m'malo mwawo ndi munthu wabwino, wodziwa ntchito yake. Anakhuthula zitini zonse patebulo, nayesa mwezi wathunthu kulumikiza tizidutswa timene ankatiganizira, mpaka anakweza manja. Salankhula kawirikawiri. Masiku ano nkhani za pachipatala timaziwerenga pabolodi, ndipo kuseri kochapira kuja kuli zii, moti ochapa zovala anachita kugula wailesi yeniyeni.

Ine ndiye sindinadzikhululukire. Zaka makumi awiri ndinamvetsera chilichonse chimene bambo aja ananena, chofunika ndi chosafunika chomwe, nthawi zina ndikuyasamula. Tsiku limodzi lokha limene anabwera ndi mawu oti ndiwasungire, ndinatseka makutu. Mawa ndili ndi makanda asanu ndi anayi pa diripi, ndipo ndidzayenda bedi ndi bedi, wotchi m'manja, kuwerenga madontho.