Njinga yomwe ndinaisambitsa mu asidi

Chisanu cha kuno ku Kasina chikandilowa m'chiuno, ndimakumbukira tsiku lomwe ine, katswiri wonenerera mitengo pa Mayani, ndinagwetsedwa ndi mpweya wosaoneka ndi maso.

Mwana wanga wamkazi, Takondwa, amaphunzira kunja kwa dziko lino. Ntchito yake ndi kusanjikiza tizitsulo topyapyala kuposa khoko la anyezi, n'kutilowetsa mpweya wotchedwa haidirojeni kuti aone mmene tikufufumira ndi kusendeka. Ankandifotokozera zimenezi pafoni, ine n'kumangoti "eya, eya". (Kunena zoona, palibe chomwe ndinkatolapo. Ndinkangofuna mawu akewo asathe.)

Atanena kuti akubwera kutchuthi, ndinatsitsa kudenga njinga yomwe ndinkamukwezapo popita kusukulu ali kamwana, atandigwira malaya kumbuyoku. Ndinafuna kukamutenga pasiteji ndi yomweyo, ikunyezimira ngati kale. Koma dzimbiri linali litadya belu ndi masipuling'i a chishalo.

Pa Mayani wasitolo anandionetsa mankhwala enieni ochotsera dzimbiri. Ndinanenerera mpaka munthu anatopa nane, ine n'kuchokapo monyada ngati ndili ndi kwina kokagula. Kwinako kunali kwa mkulu wotchaja mabatire, amene anandipungulira asidi wa batire yakufa, waulere. Anandichenjeza kuti ndingopakako pang'ono n'kutsuka msanga. Koma chaulere ndani amachigwiritsa ntchito pang'ono? Ndinaviika zonse m'beseni tsiku lathunthu. Tithovu tinkatuluka pazitsulozo, ine n'kumati dzimbiri likulira maliro ake.

Mawa lake masipuling'i anali mbee. Belu lokha ndi lomwe linatuluka matuza ngati lapsa ndi phala, ndiye nditalibwezera panjinga ndinalikulunga kansalu.

Takondwa anatsika minibasi ali chimayi, katundu tinapatsira wakabaza. Ataona njinga ija anagwira pakamwa, n'kukhala pakaliyala. Dzanja lake linapeza malaya anga pomwe paja. Ndinapalasa pang'onopang'ono dala, kuti msewu utalike.

Pamtsetse wina tinagunda kadzenje. Thyo! Masipuling'i anathyoka ngati bisiketi, chishalo chinapendekeka, tonse n'kukagwera m'munda wa kachewere wa eniake.

Za chiuno changa sanafunse n'komwe. Anatola sipuling'i, kenaka anavundukula belu lija.

"Ababa, munaziviika mu asidi izi?"

"Pang'ono chabe."

"Tithovu munationa? Ndiye haidirojeni ujatu. Akalowa m'chitsulo chimathyoka ngati phesi louma. Belu ili analikuta ndi tizitsulo tosanjikiza, mpweya walowa kunsi n'kutitukula. Si zomwe ndimakuuzani Lamlungu lililonse izi?"

Ndinanamizira netiweki ya kuno kumapiri. Anaseka mpaka misozi, ndipo tinaikankha njinga mpaka kunyumba, iye akufotokozabe, ine ndikutsimphina n'kumati "eya, eya".

Tchuthi chinatha ngati mame. Belu anapita nalo, akuti akaonetse anzake. Njinga ndinaibweza kudenga kuja.

Masiku ano amaimba mwa apo ndi apo, akuti mayeso amupanikiza. Koma ndazindikira kuti funso la zitsulo sachedwa kuliyankha. Asidi uja anatsalako m'kabotolo, ndipo dzulo ndaviikamo supuni ya mayi ake. Ikangotuluka matuza, ndimuimbira.